Mayi akatentha thupi ku leba, tisathamangire kunena kuti ndi malungo

Lero ndasiya kaye za mayeso ndi zina za kusukulu. Ndikufuna tikambirane za liwu limodzi la m'Chichewa chathu limene ndikuona kuti likutipweteketsa. Liwu lake ndi "malungo". Mwana akatentha thupi timati ali ndi malungo. Agogo akamva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi timati malungo awagwira. Matenda obwera ndi udzudzu aja nawonso timawatchula kuti malungo. Choncho m'maganizo mwathu kutentha thupi ndi matenda a udzudzu zinasanduka chinthu chimodzi, ndipo mankhwala ake tinawaloweza kale: Panado awiri, zikapitirira LA. Nthawi zambiri timapulumuka nazo. Koma pali malo amodzi pamene chizolowezi chimenechi chingaphetse anthu awiri nthawi imodzi. Malo ake ndi ku leba, pamene mayi matenda amuyamba ndipo akudikira kuchira.

Maganizo anga ndi akuti mayi amene watentha thupi pochira, kapena m'masiku oyamba atachira, aziganiziridwa kuti walowedwa ndi mabakiteriya kufikira achipatala atatsimikiza kuti si choncho. Kutenthako kutsitsidwe ndithu, koma kutsitsa kutentha si kuchiza matenda. Ine sindine dokotala kapena mzamba. Ndimaphunzitsa Biology, ndipo chaka ndi chaka ndimajambula pa bolodi asilikali a m'thupi kuti ana akakhoze MSCE. Komatu ana omwewa ndiwo mawa adzakhale amayi oyembekezera, abambo odikira panja pa chipatala, ndi magadiyani ogona pakhonde. Ngati phunziro la chitetezo cha m'thupi silingawathandize pa tsiku limenelo, ndiye kuti tangowaphunzitsa zokalemba papepala basi.

Tiyambe ndi mmene thupi limatetezera mwana ali m'mimba. Kwa miyezi 9 mwana amakhala m'nyumba yotchingidwa bwino zedi. Mpanda woyamba uli m'njira yoberekera, momwe mumakhala mabakiteriya abwino otchedwa Lactobacillus. Amenewa amatulutsa asidi amene amalepheretsa mabakiteriya oipa kuswana. Mpanda wachiwiri ndi zonanda zolimba zimene zimatseka khomo la chiberekero ngati chitsononkho pakamwa pa botolo. Mpanda wachitatu ndi nsupa imene yakuta mwanayo, ndipo ngakhale madzi a m'nsupamo ali ndi mphamvu yofooketsa tizilombo. Tsono matenda akayamba, mipanda yonseyi imagwa umodziumodzi, ndipo iyenera kugwa, apo ayi mwana angatulukire pati? Chotsekera chija chimachoka, khomo limatseguka mpaka masentimita 10, nsupa imasweka. Kuyambira pamenepo njira yochokera kunja kukafika kwa mwana yatseguka. Mwana akabadwa, pamene panamata nsengwa pamatsala bala lalikulu ngati chikhatho mkati mwa chiberekero. Ndi bala lofunda, lonyowa ndiponso la magazi, malo enieni amene mabakiteriya amakonda.

N'chifukwa chake achipatala amawerenga maola. Nsupa ikasweka koma mwana osabadwa kwa maola oposa 18, chiopsezo chimakwera. Matenda akatalika kwambiri ndi chimodzimodzi. Ndiponso nthawi iliyonse imene chala chalowa kukayeza njira, ngakhale chitavala magolovesi, chimatha kukankhira tizilombo m'mwamba. Ndiye chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza kuti mayi amene zonse zikumuyendera bwino aziyezedwa njira kamodzi pa maola 4 alionse. Tizilombo take si tachilendo ayi. E. coli amakhala m'matumbo mwa aliyense wa ife. Group B Streptococcus amapezeka mwa amayi oyembekezera pakati pa 15 ndi 20 mwa 100 alionse padziko lapansi, ndipo ambiri mwa amayiwo sadwala naye konse. Ndanena izi dala, chifukwa m'midzi mwathu mukadali ena amene mayi akavutika pochira amayamba kumukakamiza kuti aulule amuna amene anayenda nawo. Mabakiteriya sadziwa za chigololo. Nthawi imene tikutaya pomuzenga mlandu mayi ndi nthawi imene tizilombo tikuswana, ndipo E. coli zikamuyendera bwino amachuluka kowirikiza kawiri pa mphindi 20 zokha.

Nanga kutentha thupi kumachokera kuti? Ambiri timaganiza kuti ndi tizilombo timene timatenthetsa thupi, koma zoona zake n'zakuti thupi ndilo limadzikolezera lokha moto. Asilikali a m'thupi otchedwa macrophage akakumana ndi bakiteriya amamumeza, kenako amatulutsa timadzi ta uthenga totchedwa cytokine, monga interleukin-1 ndi interleukin-6. Uthengawu umaitana asilikali ena, makamaka ma neutrophil, amene amakhamukira pamalopo mwaunyinji. Mafinya amene timawaona pa bala ndi mitembo ya asilikali amenewa pamodzi ndi adani awo. Uthenga womwewu ukafika ku ubongo umachititsa kuti kupangidwe prostaglandin, ndipo kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene kamasunga thupi pa madigiri pafupifupi 37, kamakweza mlingowo kufika pa 38 kapena 39. Apa m'pamene munthu amayamba kunjenjemera ndi kupempha bulangete ngakhale kunja kuli dzuwa la mu Okutobala. Ubongo wauza thupi kuti likuzizira, ndiye minofu ikunjenjemera kuti ipange kutentha. Kutenthako kuli ndi ntchito yake. Asilikali amayenda ndi kugwira ntchito mofulumira, mabakiteriya ena amaswana movutikira, ndipo pa nthawi yomweyo chiwindi chimabisa ayironi wa m'magazi amene tizilombo timamufuna kuti tikule.

Panado, amene dzina lake lenileni ndi paracetamol, amachepetsa prostaglandin uja ku ubongo, mlingo n'kubwerera pansi. Munthu amatuluka thukuta, mutu n'kuleka, iye n'kumva bwino. Koma palibe bakiteriya ndi mmodzi yemwe amene wafa. Zili ngati fisi walowa m'mudzi, agalu akuuwa, ife n'kutuluka kukatontholetsa agaluwo kuti tigone bwino. Ena akamva zimenezi amati ndiye tisiye kumwa Panado, tilole thupi limenye lokha nkhondo. Kwa munthu wamkulu amene ali ndi chimfine, mfundoyo tingakambirane. Koma kwa mayi amene ali ku leba sindikugwirizana nayo, chifukwa m'nyumba imene mwakolezedwa motoyo muli mwana. Mwana wosabadwa amakhala wotentha kuposa mayi ake ndi theka la digiri mpaka digiri yathunthu, ndipo njira yake yaikulu yotayira kutentha ndi kudzera mu nsengwa kupita m'magazi a mayi. Mayi akafika 39, mwana wayandikira 40. Mtima wake, umene umayenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi, umathamanga kupitirira apo, ndipo thupi lake limafuna okosijeni wambiri pa nthawi imene chiberekero chikumufinya. Ubongo umene ukuperewera mpweya umavulala kwambiri ukakhalanso wotentha. Choncho kutentha kutsitsidwe, mayi apatsidwe madzi, koma zimenezi zichitike pamodzi ndi kusaka fisi uja.

Kusakako kumayamba ndi kachipangizo kotsika mtengo kwambiri m'chipatala, thermometer. Kugwira pachipumi n'kunena kuti "atentha pang'ono" sikukwanira. Pafunika nambala, ndipo nambala yake ndi 38. Ikafika apo, mzamba amayang'ana zizindikiro zina. Kodi mtima wa mayi ukugunda mopitirira 100 pa mphindi? Nanga wa mwana? Kodi mimba ikupweteka akaikhudza ngakhale pamene siikukoka? Kodi madzi otuluka akununkha kapena akuoneka ngati mafinya? Amayeza malungo pa chala, amayeza mkodzo popeza matenda a m'chikhodzodzo ndi a impso ndi ofala kwa amayi oyembekezera, amamveranso m'chifuwa. Zikaoneka kuti tizilombo talowa mu nsupa, matenda amene madokotala amawatcha chorioamnionitis, malangizo a WHO a 2015 amati mayi apatsidwe ampicillin ndi gentamicin. Mankhwalawa amaperekedwa kudzera mu mtsempha mwana asanabadwe, osadikira kuti mayi achire kaye, chifukwa amawoloka nsengwa n'kukafika kwa mwana. Jakisoni mmodzi akuthandiza anthu awiri. Kenako achipatala amaonetsetsa kuti kuchirako kusachedwe, popeza gwero la matenda lili m'chiberekero ndipo limachoka pokhapokha mwana, nsengwa ndi nsupa zitatuluka. Izi sizitanthauza kuti aliyense wotentha thupi apite ku opaleshoni. Ngati matenda akuyenda bwino, kuchira mwachibadwa ndiko kwabwino, chifukwa mpeni nawo umatsegula khomo lina la tizilombo.

Sindikunena kuti malungo a udzudzu kulibe. Alipo, ndipo kwa mayi woyembekezera ndi oopsa zedi. N'chifukwa chake ku sikelo amapereka Fansidar ndi neti, ndipo dziko lathu linayamba kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera mu 1993, mayiko ena ambiri asanayambe. Vuto n'lakuti m'dera la malungo ambiri munthu angathe kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala nato. Ndiye kachipangizo kakaonetsa mizere iwiri, sizitanthauza kuti mlandu watha. Mayi angathe kukhala ndi zonse ziwiri, ndipo LA sapha mabakiteriya a m'chiberekero. Abale athu amene ali ku Britain kapena ku South Africa amakumana ndi chinanso. Jakisoni wa pamsana woletsa ululu, wotchedwa epidural, amatenthetsa thupi amayi ena popanda bakiteriya aliyense. Koma ngakhale m'zipatala zimene muli labu yotsegula usana ndi usiku, madokotala amavutika kusiyanitsa kutentha kwa epidural ndi kwa tizilombo pa nthawi yomweyo, ndipo kawirikawiri amayamba mankhwala akudikira zotsatira. Ngati iwo amasamala choncho, nanga ife amene zotsatira za magazi zimatitengera masiku?

Chimene tikuthawa pa zonsezi ndi sepsis. Apa ndi pamene chitetezo chimatembenukira mwini wake. Tizilombo tikafalikira, uthenga uja umene unayenera kumveka pamalo amodzi umamveka thupi lonse. Mitsempha imatseguka nthawi imodzi n'kuyamba kudontha, BP imatsika, impso zimaleka kupanga mkodzo, m'mapapo mumalowa madzi, mutu umasokonezeka. Zili ngati kutentha tchire pofuna mbewa, moto n'kukathera pa nkhokwe. Choopsa n'chakuti mimba imabisa zizindikiro. Mtima wa mayi woyembekezera umathamanga kale, ku leba aliyense amapuma mwawefuwefu ndi kutuluka thukuta, ndipo asilikali a m'magazi amachuluka pochira ngakhale palibe matenda. Mayi wachitsikana wamphamvu amatha kumaoneka bwinobwino, kumayankhula ndithu, kufikira pamene thupi latopa n'kugwa mwadzidzidzi. Ena satentha n'komwe, amazizira kutsika pansi pa 36, ndipo chimenechonso ndi chizindikiro choipa. Kafukufuku wa WHO wa 2014 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse omwalira pa nkhani za uchembere padziko lapansi, pafupifupi 11 amaphedwa ndi sepsis. Kafukufuku wina amene anachitika mu 2017 m'zipatala za m'mayiko 52 anaonetsa kuti matenda a tizilombo anali ndi gawo pa imfa zoposa theka za amayi amene anafera m'zipatalazo.

Nkhaniyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1840, pa chipatala chachikulu cha mu mzinda wa Vienna panali zigawo ziwiri zochiritsira amayi. M'chigawo choyamba mumaphunzira madokotala, m'chachiwiri azamba. Kuyambira 1841 mpaka 1846, m'chigawo cha madokotala mumamwalira amayi pafupifupi 10 mwa 100 alionse, makamaka ndi matenda otentha thupi atachira, pamene kwa azamba amamwalira pafupifupi 4. Amayi a mu mzindawo ankadziwa zimenezi, ndipo ankachonderera kuti asawagoneke kwa madokotala. Dokotala wina wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, anavutika nazo mumtima mpaka mu 1847 pamene mnzake, Jakob Kolletschka, anachekedwa chala poyeza mtembo n'kumwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja. Apa m'pamene anazindikira kuti madokotala amachoka kong'amba mitembo n'kupita kukayeza amayi ndi manja omwewo, pamene azamba sakhudza mitembo. Analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini. Mu Epulo 1847 amayi 18 mwa 100 alionse anamwalira m'chigawocho. Pofika Juni chaka chomwecho anali pafupifupi 2.

Mungaganize kuti anamuyamikira, koma ayi. Madokotala akuluakulu anakwiya kumva kuti manja awo ndiwo akupha amayi, ndipo Semmelweis anamwalira mu 1865 m'chipatala cha odwala misala, ali ndi zaka 47. Louis Pasteur anadzaonetsa mu 1879 kuti wakupha uja ndi bakiteriya wa mtundu wa Streptococcus. Mankhwala ogonjetsa matendawa anadzayamba kugwira ntchito mu 1936, pamene Leonard Colebrook anayesa Prontosil pa amayi a pa chipatala cha Queen Charlotte ku London. Taonani kusiyana kwa zakazo. Semmelweis anatsitsa imfa kuchoka pa 18 kufika pa 2 zaka pafupifupi 90 mankhwala asanapezeke, ndipo chida chake chinali beseni la madzi.

Tsono tibwere kwathu kuno. Tinene chilungamo, tayenda ulendo wautali. Kafukufuku wa zaumoyo wa boma wa 2000 anapeza kuti amayi 1,120 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Mu 2004 anali 984, mu 2010 anali 675, ndipo mu 2015 mpaka 2016 anatsika kufika pa 439. Pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 yemweyo, ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira ku chipatala. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi, mafumu ambiri anaika chindapusa kwa wochirira pakhomo, ndipo amayi anamvera. Anayenda wapansi, anakwera kabaza ndi ngolo, anagona ku chidikiro masabata. Ndiye ine ndikuti tili nawo ngongole amayi amenewa. Ngati tinawaitana kuti achoke kunyumba, tiyenera kuwalandirira pamalo aukhondo kuposa kunyumbako. Phunziro la Vienna ndi lakuti kusonkhanitsa amayi ambiri pamalo amodzi popanda madzi ndi sopo kumapatsa tizilombo mwayi wodumpha kuchoka pa bedi ina kupita pa ina. Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati theka la zipatala za padziko lonse zinalibe zosambira m'manja zokwanira pamalo othandizira odwala ndi ku zimbudzi. Ndinaonapo ndi maso anga pa chipatala china chaching'ono magadiyani akupanga mzere pa mjigo usiku kutunga madzi a ku leba chifukwa mipope inali itauma. Anamwino a pamenepo ankadziwa bwino kufunika kosamba m'manja. Analibe madzi.

Chosangalatsa n'chakuti mayankho ena a vutoli apezeka m'zipatala zathu zomwe. Mu 1997 ofufuza a pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti kupukuta njira yoberekera ndi mwana wobadwayo ndi mankhwala a chlorhexidine kunachepetsa imfa za ana zobwera ndi tizilombo. Koma atayesa njira yomweyi ku South Africa ndi ku Pakistan sanapeze phindu lomwelo, ndipo WHO siilangiza kwa mayi aliyense. Chimene chinadzaonetsa mphamvu ndi zinthu zingapo zochitira pamodzi. Pali ndondomeko yotchedwa FAST-M imene inayesedwa koyamba m'zipatala za boma kuno ku Malawi. Mayi akaganiziridwa kuti ali ndi sepsis amaikidwa dilipi, amapatsidwa maantibayotiki mwachangu, amafufuza gwero la matenda n'kulichotsa, amamutumiza ku chipatala chachikulu ngati pakufunika, ndipo amamuyeza pafupipafupi iye ndi mwana. Kafukufuku wa APT-Sepsis anaphatikiza ndondomekoyi ndi kusamba m'manja komanso kupewa matenda motsatira malangizo a WHO m'zipatala 59 za ku Malawi ndi Uganda. Zotsatira zake zinatuluka mu 2025, ndipo imfa ndi kudwalika kwa amayi kobwera ndi tizilombo kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Munalibe mankhwala atsopano mmenemo. Munali sopo, tchati cholembapo kutentha ndi kugunda kwa mtima, ndi anthu ophunzitsidwa kuchitapo kanthu nambala ikasintha.

Wina anena kuti, aphunzitsi, bwanji osangopatsa mayi aliyense maantibayotiki matenda akangoyamba, nkhani n'kutha? Funsoli si lachibwana, ndipo akatswiri analiyesa. Mu 2023 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa A-PLUS amene anachitika pa amayi oposa 29,000 m'mayiko 7, kuphatikizapo Zambia. Theka la amayiwo linamwa magalamu 2 a azithromycin kamodzi kokha pochira. Sepsis kapena imfa inatsika kuchoka pa amayi 24 kufika pa 16 mwa 1,000 alionse. Limenelo ndi phindu lenileni ndipo sindingalinyoze. Koma kwa ana obadwawo sipanaoneke kusintha pa sepsis kapena imfa. Ndiponso pali mtengo wina umene timalipira mochedwa. Ofufuza anayang'ana magazi a odwala a pa Queen Elizabeth kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti mabakiteriya a Klebsiella osamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anachuluka kuchoka pa pafupifupi 12 mwa 100 mu 2003 kufika pa 90 mwa 100 mu 2016, ndipo E. coli osamva mankhwalawa anachoka pa osakwana 1 kufika pa 30. Klebsiella ameneyu ndi mmodzi mwa akupha ana akhanda m'zipatala. Ndi phunziro lomwe lija la Darwin limene timaphunzitsa m'kalasi: mankhwala amapha ofooka, olimba amatsala n'kuswana.

Choncho ine ndikuti maantibayotiki aperekedwe mwachangu ndiponso mokwanira kwa amene akufunikira. Amenewa ndi monga mayi wokhala ndi zizindikiro za tizilombo, mayi amene nsupa yasweka mimba isanakwane masiku, ndi mayi wopita ku opaleshoni. Ngati akatswiri athu adzaone kuti azithromycin ndi woyenera m'zipatala zina, adze ngati chowonjezera pa madzi ndi sopo, osati cholowa m'malo mwake. Ndipo ife tisiye kugula makapusozi awiri atatu pa golosale n'kumamwa ngati maswiti. Kapusozi amene mwamwa lero chifukwa cha chimfine akuphunzitsa bakiteriya amene mawa adzakumane ndi mlongo wanu ku leba.

Tisaiwale mwana. Asilikali ake amakhala asanakhwime, ndipo amadalira zida zobwereka kwa mayi. M'miyezi itatu yomaliza ya mimba, mayi amawolotsera kwa mwana ma antibody otchedwa IgG kudzera mu nsengwa. Ichi n'chifukwa chake katemera wa kafumbata amene mayi amabayidwa ku sikelo amateteza mwana, ndiponso chifukwa chake mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala pa chiopsezo chachikulu, popeza wachoka asanalandire gawo lake lonse. Akabadwa, mkaka woyamba wachikasu uja umene ena amaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa uli ndi IgA wambiri amene amakuta matumbo a mwana. Mwana wa mayi amene anatentha thupi pochira ayenera kuyang'aniridwa mwapadera, chifukwa khanda silisonyeza matenda ngati munthu wamkulu. Likakana kuyamwa, likamapuma mothamanga kufika 60 pa mphindi, nthiti zikamalowa mkati, likazizira kapena kutentha thupi, likangoti lefuu, likakomoka, kapena pa mchombo pakafiira ndi kutuluka mafinya, si za kudikira kuti kuche. Pa mchombo pasapakidwe phulusa, dothi kapena mafuta, koma okhawo mankhwala amene achipatala apereka.

Kwa inu amayi, apongozi ndi alongo amene mumakhala magadiyani, ndi inu abambo amene mumadikira panja, ntchito yanu ndi yaikulu kuposa kuphika phala. Nsupa ikasweka, yang'anani nthawi pa foni n'kuisunga, ndipo nyamukani pompo ngakhale mimba siinayambe kukoka. Muwauze anamwino nthawiyo, maonekedwe a madziwo ndi fungo lake. M'njira yoberekera musalowe kanthu kalikonse, kaya zala, nsalu kapena zitsamba. Ngati mayi wamwa mwanamphepo kapena Panado kunyumba, nenani poyera ngakhale mukuopa kukalipiridwa, chifukwa Panado wobisa amanamiza thermometer kwa maola angapo. Mukaona akunjenjemera, akubwebweta, kapena wakhala nthawi yaitali osakodza, pitani mukagogode ndi kunena mwaulemu kuti, "Anamwino pepani, tabwerani mudzawayeze kutentha, akunjenjemera." Safunsa anadya phula. Mukatuluka m'chipatala diso lisachoke pa mayi kwa masabata 6. Kutentha thupi, kupweteka m'mimba kosaleka, zotuluka zonunkha, kapena bala la opaleshoni lotupa, zonsezi n'zobwerera nazo ku chipatala tsiku lomwelo, osati ku golosale.

Kwa anamwino ndi azamba athu, ndikudziwa kuti ambiri mumakhala nokha usiku ndi amayi angapo nthawi imodzi, nthawi zina mukuunikira ndi tochi ya pa foni. Pempho langa n'lakuti gadiyani akagogoda muzimumvera, chifukwa iye ndi amene wakhala pafupi ndi mayiyo usiku wonse. Kwa boma, makhonsolo ndi aphungu athu, tisanayambe kunyadira nyumba zatsopano zopaka penti, tiyambe tafunsa ngati ku leba iliyonse kuli madzi otuluka pa mpope, sopo, thermometer yogwira ntchito, ndi ampicillin ndi gentamicin m'kabati usiku umene akufunika. Makomiti a zipatala a m'madera mwathu angathe kufunsa mafunso amenewa pa msonkhano uliwonse, ndipo mafumu amene anali ndi mphamvu yolipiritsa mbuzi kwa wochirira pakhomo ali ndi mphamvu yofunsanso za mjigo wa pa chipatala.

Kwa aphunzitsi anzanga a Biology, tikafika pa mutu wa chitetezo cha m'thupi ndi wa kubereka, tiyeni tiziilumikiza mitu iwiriyi. Tibweretse thermometer m'kalasi, mwana aliyense aigwire ndi kuiwerenga, anyamata ndi atsikana omwe. Aliyense atuluke akudziwa nambala zitatu: madigiri 38, maola 18 ndi masabata 6. Adziwenso kuti "kutentha thupi" ndi chizindikiro, pamene "malungo" ndi amodzi chabe mwa matenda ambiri obweretsa chizindikirocho. Tikazolowera kusiyanitsa mawu awiriwa pakamwa pathu, tidzayamba kufunsa kuti kutenthaku kwabwera ndi chiyani tisanatambasule dzanja kutenga Panado.

Ngati pakati panu pali anamwino, azamba kapena amayi amene munadutsa m'zimenezi, ndikonda kumva maganizo anu. Ndipo ngati muli ndi m'bale amene ali pafupi kuchira, muwerengereni amene adzamuperekeze.